Ndalowa pa X koma palibe akundiyankha

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36, wapabanja, wa ana atatu, ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya pulaimale kuno ku Ntcheu. Mpira wa amayi ndimaukonda kwabasi. Mwezi wathawu mng'ono wanga yemwe ali ku koleji ananditsekulira akaunti pa X, ija inkatchedwa Twitter, ati kumeneko ndizimva msanga za Temwa ndi Tabitha Chawinga komanso timu yathu ya dziko ya amayi, ma Scorchers, osachita kudikira wailesi.

Koma Azakhali, chilowereni mtima wanga suli m'malo. Ndalembapo kangapo, moni ndi zina za mpira, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiyankha, chonsecho pa WhatsApp ndikangoika chithunzi foni siipuma. Tsiku lina ndinayankha bambo wina amene ankanyoza mpira wa amayi. Ndinalemba m'Chingerezi ndipo liwu limodzi ndinaliphonya. Anthu osawadziwa n'komwe anandiseka, wina mpaka anati ana amene ndimawaphunzitsa ali pamoto. Tsiku limenelo nsima siinalowe.

Munthu yekhayo amene wandilankhula mwaulemu ndi mzungu wina wokhala ndi kachizindikiro ka buluu pambali pa dzina lake. Wandipeza ku inbox, akuti bungwe lake likufuna kuthandiza sukulu yathu, koma ndiyambe ndatumiza K30,000 ya mafomu. Abambo akunyumba nawo ayamba kudandaula kuti bandulo ikutha msanga, ndipo akufunsa kuti usiku ndimacheza ndi ndani. Kodi ndingoitseka? Kapena ndine wotsalira?

Mphunzitsi wothedwa nzeru, Ntcheu

Aphunzitsi,

Zinazo tikambirana modekha, koma iyi yokha n'njachangu: ndalama ija musatumize, ngakhale tambala. Wofuna kuthandiza sukulu amadzera kwa ahedi, kukomiti ya sukulu kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Safika usiku ku inbox ya mphunzitsi amene wangolowa kumene, ndipo sayamba n'kupempha kwa amene akuti akufuna kumuthandiza. Mwina si mzungu n'komwe, chifukwa chithunzi chimangotoledwa pa intaneti. Mukatumiza ya mafomu kubwera ya kasitomu, kenako ya loya, mpaka malipiro a mwezi wonse atapita.

Ndikudziwa kuti chakupusitsani ndi kachizindikiro ka buluu kaja. Kale kanali ndi tanthauzo: kuyambira mu 2009 kampani ya Twitter inkakapereka kwa anthu ndi mabungwe odziwika itatsimikiza kuti ndi eni akedi. Elon Musk atagula kampaniyi mu October 2022 pamtengo wa madola 44 biliyoni, zinthu zinasintha. Mu April 2023 zizindikiro zakale zija zinachotsedwa, ndipo lero aliyense wolipira pamwezi akhoza kukhala nako. Chomwe kakukuuzani n'chakuti munthuyo ali ndi ndalama yolipirira, basi. Ngakhale m'masiku akale aja, mu July 2020, akuba analanda maakaunti enieni a Barack Obama, Bill Gates ndi Musk yemweyo n'kulembapo kuti wotumiza bitcoin abwezeredwa kawiri. Anthu ambiri anatumiza, ndipo zoposa madola 100,000 zinapita m'maola ochepa. Choncho musadzione ngati mbuli. Mubulokeni munthuyo, mumunenezenso kukampani podina pamene palembedwa Report, kenako mulowe ku Settings, pa Privacy and safety, mutseke khomo loti aliyense azikulemberani ku inbox.

Muli komweko, itanani mng'ono wanu akuuzeni nambala ya foni ndi imelo zimene analembetsera akauntiyi. Zikhale zanu, ndipo pasiwedi muisinthe nokha. Sindikuti mwanayo ndi wosakhulupirika, koma foni za ana a sukulu zimadutsa m'manja ambiri, ndipo dzina limene lili pamenepo ndi lanu.

Tsopano za kusayankhidwa, zimene ndikuona kuti n'zimene zakupwetekani kwambiri. Palibe wakukanani, aphunzitsi. Anthuwo sanakuoneni n'komwe. Pa WhatsApp amene amaona chithunzi chanu ndi amene ali ndi nambala yanu: azilamu, a kwaya, aphunzitsi anzanu. Amayankha chifukwa amakudziwani, enanso amaopa kuti mukakumana kutchalitchi muwafunsa. Pa X zili ngati mwaima pakati pa msika wa Lizulu tsiku la msika n'kunena kuti "mwadzuka bwanji nonse". Aliyense ali pamalonda ake, ndipo palibe wachita mwano. Koma mukayandikira pagulu limene likutsutsana za mtengo wa kachewere n'kuponyapo mawu anzeru, amatembenuka kuti aone wayankhula ndani.

Ndi mmene malowa anapangidwira. Inu mukhoza kutsatira munthu iye osakutsatirani, ndipo si chipongwe. Zimene mwalemba zimafika makamaka kwa okutsatirani, ndiye ngati alipo owerengeka, ena mwa iwo osatsekulanso foni sabata yonse, mawu anu amangogwera pansi. Wobwera kumene amadziwika poyankha za ena, osati polemba zake. N'chifukwa chake ndikuti masabata awiri kapena atatu oyambawa muwathere pomvetsera. Tsatirani bungwe loyendetsa mpira la FAM, timu ya Kansas City Current imene Temwa analowa mu 2024, ya Lyon kumene Tabitha anapita chaka chomwecho, nyumba zoulutsa nkhani monga Zodiak, Nation ndi Times, ndi atolankhani a zamasewero amene mumawamva pawailesi. Kenako pamalo ofufuzira lembani kuti Scorchers, mudine Latest. Muona anthu wamba ngati inu amene akukamba za mpira umenewu nthawi yomweyo. Amene akulankhula zaulemu atsatireni, ndipo mukakhala ndi chonena ayankheni. Mphunzitsi amene amaona atsikana akumenya mpira wachikulunga opanda nsapato pabwalo la sukulu ali ndi zonena zimene wokhala mu ofesi ku Lilongwe alibe. Mu 2024 Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, ndipo anthu ambiri akunja amafuna kudziwa dziko limene latulutsa mwana wotere. Woti awafotokozere ndi inu.

Pamwamba pa tsamba loyamba pali zitseko ziwiri. Cholembedwa For you chimakubweretserani zimene kompyuta ya kampani yakusankhirani, ndipo imakonda zimene anthu akukanganirana. Cholembedwa Following chimakupatsani za okhawo amene mwasankha nokha. Wongoyamba azikhalitsa kuchiwiriko. Kachizindikiro ka # kamene mukuona patsogolo pa mawu ena kanayamba mu 2007, ndipo ntchito yake n'kusonkhanitsa zonse zokamba nkhani imodzi. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Odzaza uthenga wonse ndi timeneti amaoneka ngati otsatsa malonda.

Za amene anakusekani aja, ndinene mosabisa: alibe mwambo. Munthu akasiya mfundo n'kuthamangira sipelo, ndiye kuti mfundo yanu yamukanika. Komabe dziwani chimene chimachititsa kuti malowa akhale aukali chonchi. Pamene Twitter inkayamba mu 2006, uthenga sunkapyola zilembo 140 kuti ukwane mu SMS, ndipo mu 2017 anawonjezera kufika 280. Malo ake ndi omwewo kwa osalipira mpaka lero. M'kadanga kotere mulibe mopatsirana moni kapena mofotokozera bwino, ndiye wothwa pakamwa ndi amene amawomberedwa m'manja. Chinanso, kuyambira mu 2023 kampaniyi imagawirako ndalama ena mwa olipira aja malinga ndi mmene anthu akuchitira chidwi ndi zolemba zawo. Alipo tsono amene amalemba zonyoza amayi, mitundu ya anthu kapena zipembedzo mwadala, kuti inu mupse mtima muyankhe. Sindikudziwa mtima wa bambo amene munamuyankha uja, koma ambiri otere mkwiyo wanu ndiye chakudya chawo. Amanidwe.

Zida zodzitetezera zilipo. Mute imamuchotsa munthu pamaso panu iye osadziwa, ndipo mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi mawu amene simufuna kuwaona. Block imamuletsa kukuyankhani ndi kukutsatirani, ngakhale kuti kuyambira kumapeto kwa 2024 wobulokedwa amathabe kuwerenga zimene mwalemba poyera. Kubuloka si tchimo, ndipo simuyenera kufotokozera aliyense chifukwa chake. Palinso njira yotseka akaunti yonse kuti aziwerenga okhawo amene mwawavomera, koma kwa inu sindikuilimbikitsa, poti mayankho anu sangafike kwa anthu atsopano amene mukuwafunawo.

Nanga analamula ndani kuti muzilemba m'Chingerezi? Amalawi a pa X amasakaniza zilankhulo tsiku ndi tsiku, ndipo nthabwala zokoma kwambiri zimatuluka m'Chichewa. Lembani m'chilankhulo chimene mumakalipira nacho ana akachedwa kulowa m'kalasi, muone ngati wina angakupezereni pokugwirani. Mukafuna Chingerezi, werengani kawiri musanatumize, chifukwa mwayi wokonza zimene zatumizidwa kale ndi wa olipira okha. Enafe timangofufuta n'kulembanso, ndipo dzuwa limatulukabe.

Pali mbali ina imene simunaifunse, koma ndingakhale zakhali wachabe nditapanda kuitchula. Mwadandaula kuti palibe akukuonani. Tsiku lina mudzalemba chinthu muli wokwiya, ndipo tsiku limenelo ndi limene adzakuoneni onse. Mu December 2013 mayi wina wogwira ntchito pakampani ina ya ku America, amene omutsatira sankafika ndi 200 omwe, analemba nthabwala yonyansa yokhudza Edzi ndi anthu a mu Africa atatsala pang'ono kukwera ndege ku London. Anathimitsa foni. Mmene ankatera ku Cape Town patatha maola pafupifupi 11, dziko lonse linali likumukamba, ndipo ntchito inamuthera pomwepo. Kufufuta sikuthandiza ngati wina wajambula kale screenshot. Inu ndinu wantchito wa boma, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kutukwana anthu pa intaneti. Anthu anamangidwapo kale chifukwa cha zolemba pafoni. Sindikuti mukhale chete malipiro akachedwa kapena kalasi ikamadontha. Nenani, koma m'mawu amene mungawabwereze a PEA, alangizi a maphunziro a m'dera lanu, ali pomwepo. Zithunzi za ana a sukulu musaike popanda chilolezo cha makolo awo. Dzina la sukulu, mudzi umene mukukhala ndi nambala ya foni zichotseni pamalo odzifotokozera paja. "Mphunzitsi, wokonda ma Scorchers" n'zokwanira.

Tibwere kunyumba. Abambo akunyumba ali ndi mfundo pa ziwiri: ndalama ndi nthawi. Ya bandulo n'njosavuta. Chimadya kwambiri ndi makanema amene amayamba okha mukamatsitsa tsamba. Ku Settings, pa Data usage, yatsani Data saver ndipo Video autoplay muike pa Never, muona kusiyana sabata yomweyo. Ya usiku ndikuimvetsa, chifukwa Kansas City ili m'mbuyo mwathu ndi maola 7 kapena 8 malinga ndi nyengo, kotero masewero oyamba 7 koloko madzulo kumeneko kuno amakhala cha m'ma 2 kapena 3 koloko m'bandakucha. Koma mwamuna amene wadzidzimuka pakati pa usiku n'kuona kuwala kwa foni m'bulangete saganiza za Temwa. Musadikire kuti afunsenso. Mawa mukatha kudya khalani nawo pamphasa, muwatsekulire akauntiyo, aone amene mumawatsatira ndi zimene mwalemba. Nkhani ya wakuba wa ku inbox uja muwauze nokha, muwaonetse ndi mauthenga ake. Akadzaipeza okha idzaoneka ngati chibwenzi. Kenako mugwirizane kuti foni izigona pa tchaja, kupatula usiku wa masewero aakulu, ndipo usiku umenewo muziwadzutsa muonere limodzi. Akakana, zawo zimenezo, bola mwawaitana. Ngati mutachita zonsezi iwo n'kumaumirirabe kuti mkazi wapabanja sayenera kupezeka pa intaneti, pamenepo vuto si la X ayi, ndipo mundilemberenso tikambe za nsanje payokha.

Ndiye yankho langa ndi lakuti musaitseke pano. Simuli wotsalira, mwangokhala mlendo, ndipo munafikira pagulu lolakwika. Dzipatseni miyezi iwiri mukuchita zimene ndanenazi, mphindi 20 kapena 30 patsiku, osawerengera okutsatirani m'mawa uliwonse. Ikatha miyeziyo mudzifunse ngati mukatseka foni mumakhala mutaphunzirapo kanthu kapena mutangodwala mutu. Ngati ndi mutu, pitani ku Settings, pa Your account, mudine Deactivate. Kampani imasunga akauntiyo masiku 30 kuti mwina musintha maganizo, ndipo mukapanda kulowamonso m'masiku amenewo imafufutidwa.

Ndine Azakhali anu