Mmene tingaphunzitsire ana a Sitandade 1 mpaka 3 panja pa kalasi

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kuphunzira pansi pa mtengo kwakhala chizindikiro cha kusowa kwa zipinda. Nchifukwa chake makolo ambiri akamva zotulutsa ana panja amangoti tikubwerera m'mbuyo. Komatu mwana wokhala pansi pa mango, maso ali pa bolodi loyedzekedwa pa thunthu, sakuphunzira chilichonse cha mtengowo. Ku Denmark, kumene zipinda zilipo zokwanira, ana aang'ono anayamba kuphunzirira m'nkhalango m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1993 aphunzitsi a ku Bridgwater College anakaona njirayi nkuipititsa ku Britain. Mwana wa zaka 6 amamvetsa msanga chimene wagwira ndi manja. Phunziro lotere limafuna kukonzekera ngati lina lililonse, ndipo sililira ndalama.

Yambani ndi malo. Yendani nokha pabwalo la sukulu ana asanafike, musankhe malo amodzi okhala ndi mthunzi, udzu waufupi ndi zinthu zoti ana aone, monga chulu, dimba kapena mitengo yosiyana mitundu. Chotsani magalasi osweka, muone ngati palibe chitedze, njuchi kapena una wa njoka, ndipo ikani miyala m'malire kuti aliyense adziwe polekezera. Kenako kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, mupemphe amayi awiri a gulu la amayi kuti adzathandize kuyang'anira. Pamenepa mpamene yankho la funso la kuchuluka kwa ana lagona. Kalasi ya ana 100 singayende ngati gulu limodzi, zoona, koma mukaigawa m'magulu a ana 10, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake ndi ntchito imodzi yomveka, phokoso limachepa kuposa m'chipinda momwe a kumbuyo saona nkomwe zolembedwa.

Chachiwiri, tengani mutu m'silabasi momwemo, osati kunja kwake. Ngati ndi masamu, gulu lililonse litole timitengo 30, limange mitolo ya khumikhumi, kenako lichotse 7 nkuona kuti kuchotsako kwafuna kumasula mtolo umodzi. Ndiko "kubwereka" kumene kumasokoneza ana ambiri pa bolodi. Ngati ndi Chichewa, atchule mitengo yoyamba ndi "m": mlambe, mbawa, msangu, ndipo alembe lembolo pansi ndi chala asanalilembe m'kope. Aphunzitsi a ku Malawi anaphunzira kale za TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo; chatsopano nchakuti ana azipita okha kumene zinthuzo zili. Wonena kuti nthawi ya maphunziro ikuonongeka ayese phunziro limodzi pa sabata, la mphindi 30, ndipo patapita mwezi afunse ana mafunso pa mitu ya panja ndi ya m'kati, aone yekha imene yakhazikika.

Chofunika kwambiri ndi kubwerera pamalo omwewo chaka chonse, pakuti chilengedwe chimaphunzitsa mwa kusintha kwake. Sukulu imatsegulidwa mu Sepitembala, kunja kuli gwaa. Ana asankhe mtengo umodzi, aujambule mwezi uliwonse. Ngati pali msangu, mwayi ndi wanu: umakhala ndi masamba m'chilimwe, nkuwayoyola mvula ikagwa, pamene mitengo ina ikuphukira. Musawauze chifukwa chake alimi amaukonda m'munda. Afunse agogo awo, abweretse mayankho, kenako muwaonetse kuti masamba aja amaonjezera chonde ndipo chimanga chimapeza dzuwa. Nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, gulu lililonse lidzale mbande yake ndi kumaiyeza ndi chingwe mpaka Julayi. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limagwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo nkoyenera kulifunsa nzeru.

Za ngozi tisazipeputse. Malamulo akhale ochepa, obwerezedwa musanatuluke: osadya chipatso, bowa kapena njere popanda kufunsa, makamaka nsatsi, osathyola nkhadze, poti utomoni wake umapweteka maso, osapisa dzanja kuuna, osalowa m'madzi odikha, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Kukayamba kugunda, ana achoke pansi pa mtengo nthawi yomweyo, alowe m'chipinda. M'miyezi yotentha tulukani m'mawa, ndipo mwana wachialubino akhale pamthunzi atavala chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali. Werengani ana potuluka ndi pobwerera, asambe m'manja, ndipo mphindi 10 zomaliza aliyense ajambule kapena alembe m'kope chinthu chimodzi chimene waona, kuti makolo ndi mlangizi wa maphunziro akafunsa, mukhale ndi choonetsa.