Musanagule ngolo, yang'anani pomwe mudzaikolere

Alimi anzanga, nyengo yogula feteleza ndi yokolola ikafika, eni timagalimoto amakonda kundifunsa kuti agule ngolo yolowa matumba angati. Ine ndimawabwezera funso: ngoloyo mudzaikolera pati? Injini ikhoza kukhala ndi mphamvu, ngolo n'kukhala yatsopano, koma katundu yense amadalira kachitsulo kamodzi ka kumbuyo kwa galimoto.

Galimoto zambiri zakale zomwe timagula kuchokera ku Japan zimafika zilibe tow bar, chitsulo chija chokolerapo ngolo. Tsono anthu amathamangira kwa owotcherera a pamsika kuti awamatire chitsulo pa bampala. Bampala sanaipangire kukoka katundu, ndipo tsiku lina imazuka pamodzi ndi ngoloyo. Pikapu monga Toyota Hilux ili ndi chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zomwe zanyamula galimoto yonse, ndipo tow bar imangidwe pamenepo ndi mabawuti. Vani monga HiAce ndi nkhani ina. Thupi lake ndi chesisi ndi chinthu chimodzi, ndipo chitsulo cha pansi n'chopyapyala kupatula malo owerengeka amene analimbitsidwa dala. Mukawotcherera paliponse, chitsulocho chimayamba ming'alu pang'onopang'ono mpaka kung'ambika. Gulani tow bar yopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, ndipo pamutu pa bawuti aliyense pakhale nambala 8.8 kapena yoposa apo. Mabawuti opanda nambala asiyireni zitseko za khola.

Pansonga pa tow bar pamakhala kampira kachitsulo, ndipo ngolo ili ndi kamwa lomwe limavala kampirako. Kampira kofala kuno kummwera kwa Africa ndi ka mamilimita 50. Koma pamsika pamapezekanso ta ku America, tina ta mamilimita 50.8, tina ta 47.6. Ndi maso simungatisiyanitse. Kamwa la 50 likavala kampira ka 47.6 limaoneka ngati lagwira, koma mukagunda dzenje loyamba limavuka. Mukakola ndi kutseka, ikani jeke pansi pa mkono wa ngolo n'kukweza pang'ono. Ngati zagwirana bwino, kumbuyo kwa galimoto kumakwera nawo. Ngolo zina, makamaka za thirakitala, zili ndi mphete m'malo mwa kamwa, ndipo zimafuna chokolera cha pini. Piniyo ikhale ndi kotsekera kake pansi, osati msomali wopinda kapena waya. Onjezani matcheni awiri, opingasa pansi pa mkono wa ngolo, kuti chokolera chikamasuka mkonowo ugwere pa matcheni m'malo molasa msewu.

Tsopano za kulemera, pomwe ambiri timadzinamiza. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750, ndiponso isaposere theka la kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Mu 750 imeneyi muli kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Ngati ngolo yokha ikulemera 250, katundu wotsala ndi 500, ndiye kuti matumba khumi a feteleza a makilogalamu 50, kapena mabelo a fodya asanu okha, poti belo limodzi limayandikira 100. Ndikudziwa kuti wina akuseka pomwe aliripo chifukwa amalowetsa matumba 25 n'kufika bwinobwino. Kukoka galimoto imakokadi. Vuto ndi kuima, pakuti mabuleki ake anawayesera kulemera kwa galimotoyo, osati tani yina yokankha kumbuyo. Kumbukiraninso kuti pa ziphaso zoyendetsera za dongosolo la SADC, kalasi B imalola ngolo yosapitirira 750, ndipo yoposa apo imafuna EB. Buku la galimoto ndi kachikwangwani ka pa tow bar zimanenanso malire ake. Tsatirani nambala yaing'ono pa zonsezi.

Kapakiridwe n'kofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Katundu wambiri, ngati matumba 6 pa 10 aliwonse, akhale kutsogolo kwa matayala a ngolo, woyalidwa pansi ndi womangidwa ndi zingwe kuti asasunthe. Cholinga n'chakuti mkono wa ngolo uzipsinja kampira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Pa ngolo ya 700, ndiye kuti 50 mpaka 70. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani sikelo ija yoyezera chimanga, ikanipo chipika chofika msinkhu wa kampira, n'kutsamiritsa mkono wa ngolo pamenepo. Mukaunjika katundu kumbuyo, mkono umapepuka ndipo ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likangokwera. Mukachulutsa kutsogolo, kumbuyo kwa galimoto kumatsika, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, ndipo usiku magetsi amathobwa anzanu m'maso. Pa vani vutoli limakula ngati mwadzazanso matumba m'kati, pamwamba pa matayala akumbuyo.

Ngolo ikayamba kugwedezeka muli paulendo, musaponde buleki mwamphamvu, ndipo musamvere aja amati onjezani moto kuti iwongoke. Gwirani chiwongolero chilunjike, chotsani phazi pa mafuta, liwiro litsike lokha. Mukaima, pakiraninso katunduyo.

Pa mitsetse yaitali monga wa Chiweta, wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena wochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, lowetsani giya yaing'ono mukadali pamwamba kuti injini izigwira galimoto. Mukadalira phazi lokha, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira musanafike pakati. Pa msewu wosalala, ine sindipitirira makilomita 80 pa ola ndikakoka ngolo, ndipo mpata wa pakati pa ine ndi galimoto yakutsogolo ndimauchulukitsa kawiri. Pokhota tengani malo okwanira, chifukwa matayala a ngolo amadutsa m'kati mwa momwe galimoto yadutsa, ndipo m'mbali mwa misewu yathu mumakhala apanjinga ndi ana.

Magetsi a buleki ndi okhotera a ngolo ayake limodzi ndi a galimoto, ndipo kumbuyo kukhale zonyezimira zofiira. Anyamata otsitsa katundu akwere m'galimoto, osati pamwamba pa matumba.

Mukayenda makilomita khumi oyamba, imani pamalo abwino. Yang'anani chokolera, kokani zingwe, ndipo gwirani pakati pa tayala lililonse la ngolo. Matayala aang'ono amazungulira msanga kuposa a galimoto, choncho maberingi ake satha kupirira girisi akachepa. Pakakhala pofunda palibe kanthu, koma pakatentha moti dzanja silingakhalepo, masulani tayalalo muone beringi musanapitirire.