Makompyuta Awiri Osaonana M'nyumba Imodzi

Womvera wathu wa ku Chilomoni akudandaula kuti makompyuta ake awiri amalowa pa intaneti kudzera pa Wi-Fi imodzi, koma akukanika kutumizirana mafayilo. Akufunsa ngati agule rauta yatsopano.

Achimwene a ku Chilomoni, ndalamayo isungeni. Ngati onse awiri akutsegula intaneti, nthawi zambiri rautayo imakhala ilibe mlandu. Kawirikawiri vuto limakhala m'makompyutamo. Windows 11 ikakumana ndi netiweki yatsopano imaitenga ngati ya pagulu (Public), choncho imabisa kompyutayo kuti alendo asaione. Lowani mu Settings, musankhe Private pa onse awiri, kenako muyatse kugawana mafayilo. Mwina mukuti kuteroko n'kutsegulira akuba chitseko. Ayi ndithu, bola Wi-Fi yanuyo ikhale ndi pasiwedi yovuta kuilota. Koma omvera nonse, mukakhala pa Wi-Fi ya kuhotela, musiye pa Public pomwepo.