PHUNZIRO: MBEU YA NSOMBA YA KU DOMASI

Kodi munaonapo munthu akukolola damu lake, koma muukonde muli tinsomba tating'ono ngati chala? Wadyetsa miyezi isanu ndi umodzi, ndiwo osakwana ndi mbale yomwe. Kaŵirikaŵiri vuto limayambira pa mbeu.

Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a Boma ofufuzira za ulimi wa nsomba. Dzina lake ndi National Aquaculture Centre, ndipo ali pansi pa Dipatimenti ya Nsomba. Ntchito yoyesa kuŵeta nsomba inayamba kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Kuli madamu ambiri. Akatswiri amaika nsomba m'madamumo, kuzidyetsa zakudya zosiyanasiyana, kenaka kuziyeza pa sikelo kuti aone zimene zakula msanga. Kumenekonso amaswetsa ana a nsomba oti alimi akaŵete.

Nsomba zimene alimi ambiri amaŵeta ndi makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Chilunguni chimakonda masamba ofeŵa. Mlamba suswana wokha bwino m'damu, nchifukwa chake ana ake amavuta kupeza.

Tsono tamverani za makumba. Nsomba imeneyi imaswana msanga zedi. Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo masiku amenewo siidya. Nchifukwa chake yaimuna imakula kuposa yaikazi. Zikaswana kwambiri, damu limadzaza, chakudya chimachepa, zonse nkupinimbira. Mwina mnansi wanu angakupatseni tinsomba totere, inu nkumati ndi ana. Ayi ndithu, tina ndi tinkhalamba! Ngakhale mutathira madeya ochuluka bwanji, sitidzakulanso kwenikweni. Mbeu yabwino ndi ana enieni, a msinkhu umodzi, ochokera kwa makolo aakulu.

Pali nsomba ina yakunja yotchedwa carp. Inabwera m'zaka za m'ma 1970, ndipo inkakula bwino m'madamu. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Boma linaletsa kuiŵeta, poopa kuti ingathaŵire m'mitsinje nkukasokoneza nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi. Choncho musalandire nsomba yachilendo imene simukuidziŵa.

Simuyenera kuchita kupita ku Domasi. Kaonaneni ndi mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu, akuuzeni kopeza mbeu yabwino. Mbeuyo isanafike, thirani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'damu mpaka madzi abiriŵire. Pisani mkono m'madzi kulekeza m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezani manyowa.

MAFUNSO

1. Kodi malo ofufuzira za ulimi wa nsomba ali m'boma liti?
2. Chifukwa chiyani makumba aakazi sakula msanga?
3. Kambiranani: alimi a kwanuko mbeu ya nsomba amaitenga kuti?