MAKUTU AKAMALIRA: ONANINSO MANKHWALA OPHA ULULU AMENE MUKUMWA

Kodi munamvapo phokoso m'khutu pamene panja pali zii? Ena amati limamveka ngati kulira kwa nyenje, ena ngati likhweru, enanso ngati mkokomo wa chigayo chakutali. Madokotala amatcha vutoli tinnitus. Si matenda paokha ayi, koma chizindikiro chakuti china chake chasokoneza khutu kapena mitsempha yotumiza mawu ku ubongo. M'phunziro lino tiona mmene mankhwala opha ululu amene tinawazolowera angayambitsire kapena kukulitsira vutoli.

Ndi mankhwala ati amene tikunena?

Tikunena mankhwala amene timagula ku golosale kapena pa okala popanda kalata ya dokotala. Pali asipirini, pali paracetamol, amene ambiri timawadziwa kuti Panado, palinso gulu la mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa monga ibuprofen, amene timati Brufen, diclofenac ndi indomethacin, amene timati Indocid. Chifukwa chakuti ndi otchipa ndiponso osasowa, ambiri timawamwa osawerengera.

Kodi amalifika bwanji khutu?

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, timene timalandira mawu n'kuwasandutsa uthenga wopita ku ubongo. Asipirini akachuluka m'magazi amasokoneza ntchito ya timaseloti, ndipo munthu amayamba kumva phokoso lomwe kulibe, mwinanso kumva movutikira. Izi madokotala anazidziwa kalekale. Chosangalatsa n'chakuti nthawi zambiri phokoso la mtundu umenewu limatha pakapita masiku ochepa munthu akachepetsa kapena kusiya mankhwalawo. Brufen ndi anzake aja amathanso kuchita chimodzimodzi akamwedwa mopitirira muyeso.

Kafukufuku akuti chiyani?

M'chaka cha 2022, akatswiri a pa chipatala cha Brigham and Women's mumzinda wa Boston ku America, motsogozedwa ndi Dr Sharon Curhan, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsata amayi oposa 69,000 kwa zaka zoposa 20. Anapeza izi:

1. Amayi osakwana zaka 60 amene ankamwa asipirini wa mlingo wopha ululu masiku 6 kapena 7 pa sabata anali pa chiopsezo chokulirapo ndi 16 peresenti chokhala ndi phokoso losatha m'makutu.

2. Amene ankamwa paracetamol kapena mankhwala a gulu la Brufen kawirikawiri chomwecho, chiopsezo chawo chinakwera ndi pafupifupi 20 peresenti.

3. Amene ankamwa asipirini wa mlingo wochepa, wosapitirira mamiligalamu 100 pa tsiku, monga amene amapatsidwa odwala mtima, chiopsezo chawo sichinakwere.

Timvetsetse bwino apa. Kafukufukuyu anaonetsa kuti kumwa mankhwalawa pafupipafupi kumayendera limodzi ndi kulira kwa makutu, koma sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo anayambitsa vutoli mwa aliyense. Komanso anachitika pakati pa amayi okha. Phunziro lake n'lakuti nkhawa ili pa kumwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, osati pa mapiritsi awiri amene mwamwa mutu utakupwetekani kamodzi.

Nanga amene ali ndi kachirombo ka HIV?

Anzathu ambiri amene ali ndi kachirombo amavutika ndi mutu, kuphwanya kwa thupi, kapena kutentha ndi dzanzi kumapazi, choncho amamwa mankhwala opha ululu kawirikawiri. Pali zinthu zitatu zofunika kusamala.

Choyamba, pali mankhwala ena amene nawonso amakhudza makutu. Kwinini wa malungo amaliritsa makutu, ndipo amene anamwapo amadziwa. Jakisoni wa gentamicin, streptomycin ndi amikacin angathe kuwononga kumva mpaka kalekale. N'chifukwa chake dokotala ayenera kudziwa zonse zimene mukumwa asanakulembereni mankhwala ena.

Chachiwiri, ma ARV amene anthu ambiri akumwa masiku ano ali ndi tenofovir, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Brufen, diclofenac ndi Indocid amalemetsanso impso. Kuphatikiza ziwirizi kwa nthawi yaitali popanda uphungu wa kuchipatala kungavulaze impso.

Chachitatu, mutu wopweteka masiku angapo osaleka, makamaka limodzi ndi kutentha thupi, kusanza, kuuma khosi kapena kusokonezeka maganizo, ungakhale chizindikiro cha matenda oumitsa khosi. Kuuphimba ndi Panado kumangochedwetsa chithandizo.

Si mankhwala okha ayi

Makutu amaliranso pa zifukwa zina: kugwira ntchito pa phokoso monga kuchigayo, kukhala pafupi ndi zokuzira mawu, phula lotseka khutu, mafinya m'khutu, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi ukalamba. Kutopa, nkhawa ndi kusowa tulo zimachititsa kuti phokosolo lizimveka kwambiri. Musadzigamulire nokha chimene chayambitsa.

Tichite chiyani?

1. Imwani mlingo wochepa umene ukuthandizani, kwa masiku ochepa. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a paracetamol a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa ochuluka amawononga chiwindi.

2. Musaphatikize asipirini, Brufen, diclofenac ndi Indocid nthawi imodzi. Werengani zolembedwa pa paketi, chifukwa mankhwala ena a mutu ndi chimfine ali kale ndi asipirini kapena paracetamol m'kati mwake.

3. Ululu ukapitirira masiku atatu, pitani kuchipatala akapeze gwero lake.

4. Makutu akayamba kulira, kumbukirani tsiku limene zayamba ndi mankhwala amene mumamwa. Tengani mapaketi onse, ngakhale mankhwala azitsamba, limodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

5. Musasiye nokha ma ARV, mankhwala a TB kapena asipirini wa mtima amene dokotala anakulemberani. Dokotala ndiye angasinthe mankhwala kapena mlingo wake.

6. Musatokose m'khutu ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, ndipo musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati khutu lagontha mwadzidzidzi, ngati muli ndi chizungulire chachikulu, kapena ngati munthu wamwa asipirini wambiri ndipo akusanza ndi kupuma mofulumira. Ngati phokoso likumveka khutu limodzi lokha kapena likugunda motsatana ndi mtima, kaonaneni ndi dokotala msanga.

Mafunso okambirana pa gulu

Kodi pa sabata yapitayi munamwa mankhwala opha ululu masiku angati? Kodi a kuchipatala akudziwa zimenezi? Inu osamalira odwala kumudzi, kodi mumafunsa odwala anu za mapiritsi amene amagula okha?

Kumbukirani: mutu umodzi susenza denga. Makutu akamalira, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena dokotala wanu kuti muthandizane.