Nthano Yakale, Funso Latsopano: Phunziro la Mfumu Arthur

Anzanga, pa holide yapitayi msuweni wanga anandibwereka buku lotchedwa Legendborn. Nditangoona dzina la Merlin m'katimo ndinati, aaa, uyunso wangokopera! Koma nditafika kumapeto ndinadziwa kuti ndinalakwitsa. Imani kaye pano ndikufotokozereni.

Nthano ya Mfumu Arthur ndi ya ku Britain. Imakamba za mnyamata amene anazula lupanga pamwala n'kukhala mfumu, za Merlin wamatsenga amene ankamulangiza, komanso za asilikali apakavalo ovala zitsulo amene ankakhala patebulo lozungulira kuti pasaoneke wamkulu kapena wamng'ono. Thomas Malory anasonkhanitsa nkhanizi m'buku la Le Morte d'Arthur, lomwe William Caxton anasindikiza mu 1485.

Mu 1938, T. H. White analemba The Sword in the Stone. Iye anafunsa kuti: kodi Arthur ali mwana anaphunzira bwanji ufumu? M'buku lakelo Merlin amasandutsa mnyamatayo nsomba, kenako mbalame, kuti aone mmene amphamvu amalamulira anzawo.

Mu 2020, Tracy Deonn wa ku America anafunsa funso lina mu Legendborn: nanga patebulo lija ndani sanaitanidwe? Mwininkhani wake ndi Bree Matthews, mtsikana wachikuda wa zaka 16 amene mayi ake amwalira kumene. Atapita kukaphunzira ku yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill, akutulukira gulu lachinsinsi la zidzukulu za asilikali a Arthur. Iwowa mayina a makolo awo anasungidwa m'mabuku kwa zaka mazanamazana, pomwe a Bree, amene anali akapolo, ambiri sanalembedwe paliponse. Mathero ake sindiulula, mungandikwiyire.

Ndiye phunziro ndi ili. Wokopera amatenga mawu a mnzake n'kulembapo dzina lake, ndipo kumeneko ndi kuba basi. Wolemba mwatsopano amatenga nthano yodziwika n'kuifunsa funso limene ena sanafunse. Lupanga ndi lomwelo, Merlin ndi yemweyo, koma nkhani yasanduka ina.

Aphunzitsi akadzatipatsa chimangirizo chopeka, tisamati mitu yatithera. Tengani nthano imene agogo ankakusimbirani madzulo, musankhe amene sankayankhula m'nthanomo, mum'patse pakamwa. Ine ndayamba kale: ndikulemba ya Kalulu ndi Fisi, koma wofotokoza ndi mkazi wa Fisi. Ndikamaliza ndidzaimata pompano.