Mwana wobadwa masiku asanakwane

Mwana akabadwa mimba isanakwane masabata 37, timati wabadwa masiku asanakwane. Mapapo ake amakhala osakhwima, mwanayo amalephera kuyamwa bwino, ndipo alibe mafuta okwanira osunga kutentha m'thupi.

Ana otere sapulumuka mofanana. Mu 2012 bungwe la WHO linapeza kuti pa ana 10 obadwa masabata 28 asanakwane, m'mayiko osauka 9 amamwalira, pamene m'mayiko olemera 9 amapulumuka. Ngakhale ku America, amayi akuda amabereka masiku asanakwane kawirikawiri kuposa azungu, ndipo makanda awo amamwalira kawirikawiri kuposa a azungu. Umphawi, tsankho ndi chisamaliro chosiyana zili pakati pa zifukwa zake.

Kuno ku Angónia kusiyanaku timakuona ndi maso. Mayi wa mu Ulongwe amafika kuchipatala msanga. Wa kumidzi ya ku Domwe amayamba wafunafuna njinga yamoto, mwina dzinja msewu utaduka. Akafika, ngati sadziwa Chipwitikizi, amachita manyazi kufunsa. Amayi, funsani m'Chichewa momwemo mpaka mumvetse!

Koma mdani wamkulu kumapiri kuno ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Mwana wotere amazizira mwamsanga, ngakhale atafunda bulangete. Mankhwala ake ndi thupi la mayi. Njirayi amaitcha kangaroo, ndipo inayamba ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978. Mwana avale thewera, chipewa ndi sokosi basi. Muikeni chilili pakati pa mabere, khungu lake likhudze lanu, mutu utembenukire kumbali, ndipo m'mangeni ndi nsalu. Azikhala pamenepo usana ndi usiku. Mayi akatopa, bambo kapena agogo alandire. Abambo, zimenezi si zamanyazi.

Musathamangire kumusambitsa. Musamupatse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba. Akalephera kuyamwa, finyirani mkaka wa m'mawere m'kapu yoyera, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Ngakhale kukuzizira, mbaula ya makala m'nyumba yotseka ndi yoopsa: mpweya wake umapha.

Malungo, chindoko, kuchepa magazi ndi kutenga mimba uli wamng'ono zimachititsa ana kubadwa msanga. Choncho yambani sikelo mimba ikadali yaing'ono, muzigona m'neti, ndipo mukakolola mbatatesi musunge ndalama ya ulendo wa kuchipatala. Mwana akasiya kuyamwa, akazizira kapena akamapuma movutikira, pitani naye kuchipatala ali pachifuwa pomwepo, osadikira kuti kuche.